Felemu yang'alukanso kachitatu: kodi chitsulo cha galasi chija sichingapange njinga?

Kabaza_waChinkhoma
Moni nonse pagulu pano. Lachiwiri ndinanyamula matumba awiri a soya kuchokera ku Santhe, ndipo ndisanafike pa msewu wa M1 ndinamva handulo ikugwedera mwachilendo. Kutsika kuti ndione, felemu yang'aluka pakhosi, pomwe payipi yapansi imakumana ndi ya foloko. Aka nkachitatu malo omwewo. Mphwanga amene ali pasukulu ku Lilongwe anandionetsa kanema pafoni: akugwetsera kampira kachitsulo pa zitsulo zitatu zosiyana. Pa ziwiri kampirako kakudumpha pang'ono nkukhala, koma pa chachitatu kakungodumphabe mpaka woonera kutopa. Akuti chachitatucho amachitcha amorphous metal kapena metallic glass, kutanthauza chitsulo cha galasi, ndipo ncholimba kuposa titaniyamu, sichichitanso dzimbiri. Ndiye funso langa nlakuti, bwanji sapangira mafelemu a njinga? Kapena alipo koma ife kuno sitikuwadziwa? Ndatopa nkupereka ndalama kwa owotcherera.

Mlimi_waChulu
Matumba awiri pa njinga imodzi? Achimwene, vuto si chitsulo ayi.

Kabaza_waChinkhoma
Akulu, nditanyamula thumba limodzi ulendo wonsewo ndiye ana adya chiyani? Tonse timadziwa kuti katundu ngwambiri. Nchifukwa chake ndikufunsa za chitsulo cholimba.

NaMtedza_Chamama
Ine dzina lokhalo landiopsa. Galasi ndi njinga zigwirizana bwanji? Ukagunda mwala si ndiye kuti phwaa?

Mphunzitsi_waFiziki
Mayi, mantha anuwo ali ndi pogwira, koma ndiyambe ndi dzinalo. Chinthuchi si galasi la pawindo, simungaone kuseri kwake. Ukachigwira ndi chitsulo ndithu, chonyezimira, cholemera, chodutsa magetsi. Dzina la galasi likuchokera pa momwe maatomu ake akhalira mkati. Mu chitsulo wamba maatomu amandandalikana bwinobwino ngati mizere ya m'munda wa fodya. Mu ichi ali mbwerekete ngati mtedza wokhuthulira m'thumba, chimodzimodzi momwe alili mu galasi.

Ana anga m'kalasi ndimawapatsa chitsanzo cha shuga. Shuga wa ku Dwangwa amene timathira mu tiyi ali timibulu, ndipo m'kambulu kalikonse zinthu zandandalikana mwadongosolo. Mukamusungunula nkumuziziritsa msanga, mumapeza switi yolimba yowala ija. Shuga ndi yemweyo, koma sanapeze mpata wobwerera m'mizere. Chitsulo nachonso chimatero, kungoti icho chimathamangira m'mizere mwachangu kwambiri. Oyamba kuchipanga anali Pol Duwez ndi ophunzira ake pa yunivesite ya Caltech, ku America, mu 1960. Anasakaniza golide ndi silicon nkuziziritsa pa liwiro la madigiri pafupifupi 1,000,000 pa sekondi. Pa liwiro lotero chomwe chimatuluka ndi kachidutswa kopyapyala kuposa pepala.

Zinasintha cha m'ma 1990 pomwe William Johnson ndi Atakan Peker, ku Caltech komweko, anapeza msakanizo wa zirconium, titaniyamu, kopa, nickel ndi beryllium umene anautcha Vitreloy. Maatomu a zitsulo zisanuzi ngosiyana kukula, ndiye amasokonezana, sapeza mzere msanga. Umenewu umatha kuzizira pang'onopang'ono nkukhalabe galasi, choncho anayamba kuumba zinthu zochindikala ndithu. Ku Japan gulu la Akihisa Inoue pa yunivesite ya Tohoku linapezanso misakanizo ina yambiri nthawi yomweyo.

Mlimi_waChulu
Aphunzitsi, mbiri tamva. Koma munthu wafunsa za felemu.

Mphunzitsi_waFiziki
Ndikubwera komweko bambo. Kanema amene a Kabaza anaona ngoona. Mutatenga ndodo ya Vitreloy yotalika mita imodzi, mutha kuikoka nkutalika ndi masentimita awiri, mukaisiya ibwerera mwakale. Chitsulo wamba cha mageti mukangopitirira milimita imodzi ndi theka chayamba kale kupindika kosabwerera. Nchifukwa chake kampira kaja kamangodumpha: mphamvu yomwe kagwera nayo ikubwezedwa pafupifupi yonse. Pa kulimba, Vitreloy imafika cha pa 1,900 MPa (muyezo wa mphamvu yomwe chinthu chingapirire) isanagonje, pomwe chitsulo wamba chimagonja cha pa 250, aluminiyamu ya mafelemu ija ya 6061 cha pa 275.

Koma felemu sifuna kulimba kokha. Imafunanso kuuma, kuti ukaponda pedulo ndi mphamvu isamawerame uku ndi uku. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nsungwi yaiwisi ndi yovuta kuthyola koma imawerama. Pa kuuma, komwe timayeza mu GPa, chitsulo chili cha pa 200, Vitreloy cha pa 96, osafika ndi theka lomwe. Chikhala chopepuka bwenzi tikuti palibe kanthu, koma sichopepuka: chimalemera magalamu 6.1 pa kyubiki sentimita, chitsulo 7.8, titaniyamu 4.5, aluminiyamu 2.7. Mukagawa kuuma ndi kulemera, chitsulo ndi aluminiyamu zonse zimapereka pafupifupi 26, Vitreloy imapereka 16. Ndiye kuti felemu yake iume mofanana ndi yanu yachitsulo, iyenera kulemera kuposa yanuyo. Mukaipepuza, muzimva ngati mwakwera msampha wofuna kufwamphuka, makamaka muli ndi matumba kumbuyo.

WaMpikisano_KU
Apa ndikutsutsani aphunzitsi. Aluminiyamu ili pa 69 GPa yokha, yofewa kuposa Vitreloy yanuyo, koma njinga yanga yothamangira ndi ya aluminiyamu ndipo ndi youma gwa. Amangokulitsa mapayipi. Payipi ikakula m'mimba imauma kwambiri. Bwanji osachita chimodzimodzi?

Mphunzitsi_waFiziki
Funso labwino kwambiri achimwene, ndipo pa kukulitsa payipi mukunena zoona. Koma aluminiyamu imalola zimenezo chifukwa ndi yopepuka. Mumakulitsa payipi, khoma lake nkukhalabe lochindikala mokwanira, kulemera osakwera. Chinthu cholemera kuposa aluminiyamu kawiri ndi kuposerapo, mukakulitsa payipi muyenera kupyapyalitsa khoma mpaka likhale ngati chitini cha chakumwa. Khoma lotero limabwafuka likangogundidwa. Ndiye pali funso la kapangidwe. Mapayipi a chitsulo amawakoka m'makina ali ozizira, kuwapyapyalitsa pang'onopang'ono, chifukwa chitsulo chimalola kupindidwa. Ichi sichilola. Njira yake yaikulu ndi kuchithira chosungunuka m'chikombole, ndipo chiyenera kudzaza mpata wopapatiza wotalika theka la mita chisanaume, komanso chizizire msanga paliponse. Zimene zimapangidwa bwino ndi njira imeneyi ndi tizinthu tokwana m'dzanja.

WaMpikisano_KU
Ndamva, koma sindikuvomereza kuti nzosatheka. Ku Germany kampani ya Heraeus inayamba kale kupanga zinthu za chitsulo chimenechi ndi makina a 3D printing, omwe amaumba chinthu posanjikiza pang'onopang'ono. Zomwe zinali zovuta dzana sizikhala zovuta mpaka kale.

Mphunzitsi_waFiziki
Sindinati nzosatheka. Ndati ngakhale ataipanga, pa kuuma sidzapambana zomwe tili nazo kale. Zimenezo makina sangasinthe, ndi chibadwa cha chinthucho.

Owotcherera_paMsika
Ndalowa mochedwa, ndinali pantchito. Ine sukulu ya maatomu sindinapite, koma zaka zanga zonse zathera pa mafelemu a kabaza, ndiye ndifunse funso limodzi kwa aphunzitsi. Chitsulo chimenechi ndikachiyandikiza moto wa gasi chichita chiyani? Chifukwa njinga kuno siifa tsiku lomwe yathyoka. Munthu amabwera akuikankha, ndimachotsa foloko, ndimapala penti, ndimatenthetsa mpaka pafiire, ndimathira mkuwa kuti uyenderere mumng'alu, nthawi zina ndimavekapo kachigamba ka payipi ina. Dzuwa lisanapendeke munthu wabwerera pa siteji. Pali ma Humber amene ndawawotchererapo kasanu ndipo akuyendabe.

Mphunzitsi_waFiziki
Bambo, funso lanu ndi limene likutseka nkhani ya felemu kwa ife kuno. Vitreloy imayamba kufewa cha pa madigiri 350. Mukapitirira pamenepo nkukhalitsa, maatomu aja amapeza mpata womwe anamanidwa, amalowa m'mizere, ndipo chomwe chimatsala si galasi lolimba lija komanso si chitsulo chabwino. Chimakhala chophweka kusweka ngati mbale yadothi. Mkuwa wanuwo umasungunuka cha pa madigiri 900. Ndiye kuti malo onse ozungulira pomwe mwawotcherapo mwawapha. M'malabotale amatha kulumikiza ndi laser kapena njira zina zotenthetsa kadontho kochepa mwachangu, koma si zapamsika.

Chinanso choti mudziwe inu amene mumapala zitsulo: Vitreloy yoyamba ija ili ndi beryllium, ndipo fumbi la beryllium limawononga mapapo koopsa. Misakanizo ina yatsopano ilibe, koma ndi maso simungasiyanitse.

Owotcherera_paMsika
Basi ndiye kwa ine yatha. Chinthu chomwe sindingakonze sindingauze kasitomala wanga kuti agule.

NaMtedza_Chamama
Nkhani yosakonzeka imeneyi inandigwera ine. Chaka chatha ndinagulira mwana wanga wamkazi njinga ya kaunjika ya aluminiyamu kuti azipitira kusukulu, yokongola, yopepuka moti ndimainyamula ndi dzanja limodzi. Wogulitsa sanandiuze kuti pansi pa chishalo panali kale kamng'alu kobisika ndi sitika. Patatha miyezi itatu inatseguka. Ndinazungulira nayo kwa owotcherera anayi, onse kukana, akuti imafuna makina ena a gasi wa argon. Ili pakhonde mpaka lero, nkhuku zimagonapo. Mwanayo anabwerera pa njinga yakale ya bambo ake, yolemera ngati ngolo, koma ikufika.

Gogo_waHumber
Mwana wanga, njinga yakale ija musaipeputse. Yanga ndinagula ndisanakwatire, pano ndili ndi zidzukulu. Yanyamula mabelo a fodya, yanyamula odwala kupita nawo ku Mtunthama usiku, yanyamula ndi malata omwe a nyumba ndikukhalayi. Foloko inapindikapo kawiri. Ulendo woyamba ndinagwera m'dzenje ndikutsetsereka, foloko inabwerera m'mbuyo mpaka tayala kukhudza felemu. Ndinaigoneka pansi, mnzanga anaponda, ine nkukoka ndi mpini wa khasu, tinaiwongola nkufika kunyumba. Chitsulo chimakuchenjeza. Chimapindika, chimalira, penti imasweka, umaona kuti apa pakudwala.

Mphunzitsi_waFiziki
Agogo mwanena chinthu chimene ndimafuna kufikapo, ndipo chikuyankha mantha a mayi a ku Chamama aja. Chitsulo wamba chimapindika chifukwa mizere ya maatomu imatsetsereka umodzi pamwamba pa unzake, ndipo pomwe papindika pamalimbirako, ndiye kupindikako kumafalikira malo ambiri. Mu chitsulo cha galasi mulibe mizere yotsetsereka. Chimapirira, chimapirira, kenako mphamvu ikapyola malire kugonja konse kumathamangira pa kamzere kamodzi kopyapyala zedi, pamenepo pamafewa, nkuduka kamodzinkamodzi. Mukachikoka chimaduka chisanatalike mooneka. Sikuti chimasweka chikangogunda mwala ngati botolo ayi, mphamvu yofunika kuti chiduke ndi yaikulu. Koma tsiku lomwe chidzagonje sichidzakuuzani. Pa foloko kapena pa handulo, muli ndi munthu pa kaliyala, kusiyana kwa kupindika ndi kuduka ndi nkhani ya moyo.

Ndipo mng'alu wa a Kabaza sunabwere chifukwa cha kugunda kumodzi. Ndi kutopa kwa chitsulo, kupindika pang'onopang'ono kambirimbiri pa mabampu mpaka kamng'alu kuyamba. Pa mayeso a kutopa kotere, Vitreloy yoyamba inkagonja pa mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi 1,900 ija. Kabowo kakang'ono ka mpweya kotsala poumba nkokwanira kuyambitsa mng'alu. Misakanizo ya pambuyo pake inachitako bwino, komabe nambala yaikulu ija si imene njinga imakhalira tsiku ndi tsiku.

Mnyamata_waWimbe
Pepani ndipatuke pang'ono. Kwathu kuno William Kamkwamba anapanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Ndikamawerenga zomwe mukukambazi ndikuganiza kuti ikanakhala felemu yosaboola, yosapinda, yosawotcherera, sakanaimangirira pamwamba paja. Njinga yachitsulo ngakhale itafa imasanduka zinthu zina. Kwathu wilibala yathu ndi foloko ya njinga.

Mlimi_waChulu
Zoona. Ngolo yanga yotungira madzi matayala ake ndi a njinga ziwiri zakufa.

WaMigodi_Mzimba
Poti tapatuka kale. Mukudziwa kuti zina mwa zomwe aphunzitsi atchulazi zili m'nthaka yathu? Ku Kasiya kuli rutile, mwala womwe amatengamo titaniyamu. Ku Kanyika kuno, kufupi ndi malire a Kasungu, kuli chitsulo china chotchedwa niobium, ndipo zircon, mwala womwe amatengamo zirconium, ilimonso. Tsiku lina sitingamapange tokha?

Mphunzitsi_waFiziki
Mwalawo ulipodi, koma kuchoka pa mwala kufika pa chitsulo ndi ulendo wautali. Zirconium ndi titaniyamu zimakonda mpweya wa oxygen kwambiri, ndipo oxygen wochepa chabe akalowa mu msakanizo, timibulu timayamba kumera mkati, galasi lawonongeka. Ndiye zimafuna zitsulo zoyeretsedwa kwambiri, kusungunulira m'ng'anjo yopopedwa mpweya wonse. Mtengo wake umakwerera pamenepo. Nchifukwa chake mukaona komwe chagwiritsidwa ntchito ndi zinthu zazing'ono kapena zodula: kapini kotulutsira SIM khadi m'mafoni ena a iPhone, manambala a pa mkombero wa mawotchi ena a Omega, ndodo za gofu, ma raketi a tenesi a Head.

WaMagetsi_Nkhamenya
Muwonjezere matransifoma. Uko ndiye kumene chitsulo chimenechi chimagwira ntchito yochuluka zedi, osati timawotchi. Amathira chitsulo chosungunuka, chosakaniza ndi boron ndi silicon, pa gudumu lakopa lozungulira mwaliwiro, chimatuluka ngati riboni yopyapyala pafupifupi mamilimita 0.025. Amaikulunga kukhala mtima wa transifoma. Poti mulibe mizere ya maatomu, maginito amatembenuka mosavuta, ndipo magetsi otayika transifoma ikangokhala yoyaka amatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Ku India ndi ku China aika ambiri otere. Koma riboniyo ikatenthedwa pokonza mtimawo imathetheka ngati chipapati chouma, amisiri amaigwira mosamala. Ndiye chinthu nchabwino, pamalo pake.

Kabaza_waChinkhoma
Chabwino, felemu ndaiwala. Nanga tizigawo ting'onoting'ono? Ine zomwe zimandidyera ndalama mwezi ndi mwezi ndi makotapini, mabelingi, ekiselo ya kumbuyo ndi filiwilu. Poti mwati tizinthu tokwana m'dzanja timatheka, zimenezi sizingatheke?

Owotcherera_paMsika
Kotapini ndiyankhe ine. Kotapini imayenera kukhala yofewa. Timaipala ndi fayilo kuti igwirizane ndi ekiselo, timaikhoma ndi hamala, imaphwanyika pang'ono nkugwira. Inapangidwa kuti izitha iyo m'malo mwa kalanki ndi ekiselo zomwe ndi zodula. Mukaika yolimba yosapindika, mudzagula kalanki.

Mphunzitsi_waFiziki
Ndendende. Mabelingi nawonso ayi, chifukwa chitsulo cha mabelingi abwino chimaumitsidwa mpaka kuposa Vitreloy pa kusaperepeseka. Vuto la mabelingi athu ndi fumbi lolowa mu habu, girizi wosowa, ndi mabelingi otchipa osaumitsidwa bwino. Ekiselo ya kumbuyo ndingaope, pa chifukwa chomwe chija: yachitsulo imapindika nkukupatsani mpata wofika kunyumba.

Komwe ndikuona kuti chingakwane ndi komwe kukufunika kufwamphuka kapena kaumbidwe kosalala kopanda dzimbiri. Masipuling'i ang'onoang'ono, tizitsulo ta mkati mwa filiwilu tomwe timalira tetete mukasiya kupalasa, timagiya ta mkati mwa zosinthira magiya, tizigawo ta loko. Chili ndi ubwino umodzi weniweni: poti sichilowa m'mizere pozizira, sichinyala kwambiri m'chikombole, ndiye kachinthu kamatuluka kali kale pa muyezo, kosafuna kupala. A NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, akhala akuyesa magiya a chitsulo chotere kuti azigwira ntchito kozizira kwambiri popanda girizi. Pa njinga za mpikisano za anthu olemera mwina tidzaziona. Koma sipuling'i yachitsulo ya filiwilu ndi yotchipa kale ndipo ikugwira.

WaMpikisano_KU
Pamenepo tagwirizana. Ine ndikanakonda kuyesa njanji za pansi pa chishalo zopangidwa ndi chimenechi. Kufwamphuka kuja pa msewu wa mabampu kungathandize msana.

NaMtedza_Chamama
Inu mukukamba za msana wa mpikisano, ife tikukamba za soya.

Gogo_waHumber
Musiyeni mnyamatayo, aliyense ndi njinga yake.

Mlimi_waChulu
Ndibwerere pomwe ndinayambira, ndipo achimwene a Kabaza musandimve ngati ndikunyoza. Ngakhale njinga za Buffalo zija, zomwe anazipangira dala misewu yathu ndi mapayipi achitsulo ochindikala, kaliyala wake analembedwa makilogalamu 100. Matumba awiri a makilogalamu 50 mwafika kale pamalire, inuyo musanakwere, ndipo tonse tikudziwa kuti matumba a pamunda sakhala 50 yeniyeni. Njinga yanu ndi yopepukirapo kuposa imeneyo.

Kabaza_waChinkhoma
Ayi akulu, ndamva, sindinakwiye. Kungoti pokwera mtunda ndimatsika nkumakankha, ndimayesa kuti ndikuipumitsa.

Owotcherera_paMsika
Pokwera si pomwe imavulala. Imavulala potsetsereka mukamanga buleki ya kutsogolo pa mabampu, katundu yense amakankhira pakhosi paja. Ndipo ndikuuzeni chifukwa chake ikung'aluka malo amodzimodzi. Ndikukhulupirira kuti amene anakuwotchererani anagwiritsa ntchito makina a magetsi ndi ndodo zowotcherera mageti. Payipi ya njinga ndi yopyapyala, moto umenewo umaidya, m'mbali mwa chilonda mumatsala mopyapyala ndi mouma, mng'alu watsopano umayambira pomwepo. Yang'anani bwino, muona kuti sinang'aluke pa chowotcherera penipeni koma pambali pake.

Kabaza_waChinkhoma
Ndapita kukayang'ana ndi tochi. Ndi pambali pake ndithu, ngati chala chimodzi kuchokera pa chilonda chakale. Ndipo inde, anawotcherera ndi magetsi maulendo onse awiri.

Owotcherera_paMsika
Ndiye payipi imeneyo yatha, musawotcherenso pomwepo. Pezani felemu yakufa ya mtundu womwewo, tichotse payipi yonse yapansi tiike ina ndi mkuwa, kenako tiike kachitsulo ka makona atatu pansi pa khosi kuti katundu azigawanika. Poboola kapena kudula musalole munthu kusiya m'mphepete mokhala mano, mng'alu umakonda poyambira pakuthwa. Mukabwera mubwere ndi foloko yomwe, ndiione ngati sinapindike, chifukwa foloko yopindika imakoka khosi mbali imodzi.

Mnyamata_waWimbe
A Kabaza, kwathu kuli felemu yakale yopanda matayala, inapindika kumbuyo koma kutsogolo ili bwino. Ngati saizi ikugwirizana mutha kudzatenga. Yezani payipi yapansi ndi chingwe mundiuze kutalika kwake.

Kabaza_waChinkhoma
Zikomo kwambiri achimwene, ndiyeza mmawa kukacha ndikutumizireni. Bambo owotcherera, Lachisanu mukhalapo? Ndibwera ndi foloko yomwe. Soya wotsala ndayamba ndapempha mlamu wanga kuti anyamule pa ngolo.